Odi wa Mariyata

Anabwera naye Yobe m'mwezi wa fumbi,
pa kanta yobwerera ku Soweto itatsitsa matimati,
masutikesi awiri, galu m'bokosi la mawaya,
ndi dzina lokana lilime lathu.
Tinalisinja, tinalipeta, mpaka linatsala Mariyata.

Tsiku loyamba ndinakuwa odi ndili pa mtengo wa mapeyala,
odi wachiwiri pakhonde.
Zii.
Kenaka chitseko chinatseguka pang'ono ngati diso la wodwala:
"Kodi tinapangana?"
Ine ndi imvi zangazi
sindinapanganepo ndi munthu
kuti ndidzamufunse mmene wadzukira.

Kuno ku Kanakantapa nkhani sigona panjira.
Ati galu amagona pabedi, mwamuna kumphepete.
Ati zovala zam'kati amayanika pa waya wa kumsewu,
zoyera mbee, zikuvina ndi mphepo pamaso pa apongozi.
Asanaphike amawerenga mitu:
anthu awiri, mazira awiri,
wachitatu akafika alandira mpando ndi madzi.
Amasesa usiku, mwayi wonse kuutaya kudzala.
Nkhuku anazipatsa mayina.
Nanga ndani angadule khosi la Sofiya?

Ifenso tinkamudabwitsa, ndinkaona m'maso mwake.
Sefa yake inayenda nyumba zisanu ndi imodzi
n'kubwerera ili ndi chigamba.
Anandifunsa chifukwa chake timasesa dothi pa dothi mbandakucha,
chifukwa chake mbale zabwino zimakalambira m'kabati
kudikira mlendo, eni ake tikudyera zobenthuka.
Ndinatsegula pakamwa.
Yankho linali litapita kudimba.

Ndiye usiku wina foni inalira. Tisiyenji,
mwana wanga, namwino kutsidya kwa nyanja,
kumene dzuwa limalowa anthu asanaweruke.
Akuti, Amama, ndinasesa khonde la tonse m'mamawa,
andilembera kalata kuti ndichepetse phokoso.
Wa chitseko choyang'anana ndinamupatsira futali,
anafunsa kuti ndi ndalama zingati.
Miyezi isanu ndi itatu, Amama,
palibe wandifunsapo mmene ndadzukira.
Mayunitsi anatha asanamalize kulira.

Sindinagone.
Kutacha ndinang'amba pepala m'kope la mdzukulu,
ndinalemba: Mawa folo koloko ndibwera. Ndine Nambewe.
Ndinalilowetsa kunsi kwa chitseko
ngati wakuba wobweza katundu.

Folo koloko ndinapeza makapu awiri,
keke yodulidwa mofanana ngati anayeza ndi lula,
galu atamumangirira kuseri chifukwa cha ine.
Tinakhala.
Mawu amene tinkamvana sakanadzaza chipande.
Anandionetsa chithunzi cha amayi ake
ataima okha m'chipale chofewa, fosholo m'manja.
Ine ndinamuonetsa cha Tisiyenji
atavala jekete lotupa ngati belo la thonje.
Anachiyang'ana nthawi yaitali.
Anati, "Kumazizira."
Ndinati, eya.

Mvula yoyamba inagwetsa mapolo,
magetsi anathima sabata yathunthu.
Lachitatu, kusanayere bwino,
ndinamva mawu kumpanda kwanga,
opindika, okwera pamene ife timatsika:
"O-di!"
Chitenje chomanga mokhota, kutsogolo kukukwekwereza,
mbaula m'manja, wadzapala moto
osalemba kalata.
Ndinamusiya akuwe kachiwiri,
osati mwa nkhanza ayi.
Ndimafuna ndimvenso.

Galu akugonabe pabedi.
Wayayo akadali kumsewu, apongozi amayenda chowerama.
Sofiya wakalamba, saikiranso, palibe womukhudza.
Ine mbale zanga zamaluwa ndatsitsa ziwiri zokha,
zinazo zidikire.
Koma dzulo, podutsa ndi ndowa,
ndinasuzumira m'kapoto ka Mariyata pa mbaula.
Yobe ali kumunda, iye akuchapa kuseri,
palibe mlendo wolonjeza,
m'madzi owira mukugundana mazira
atatu.